Kanema wa Ababa

Lolemba

Kanema wafika. Achimwene a ku Chikweo atumiza pa njinga yamoto, pamodzi ndi sola, batire ndi kafulashi kodzaza mafilimu. Nzeru ndi yanga: Ababa azikhala pampando n'kumaonera, aleke kupita kunjanji. Moyo wawo wonse ankagwira ntchito yoyendera njanji kuno ku Nkaya, ndiye chisokonekereni mutu, m'mawa uliwonse amavala chipewa n'kumati achedwa kuntchito. Sabata yatha sitima yamakala inangowaphonya pang'ono. Achimwene akuti ndikalephera sabata ino, abwera kudzawatenga. Ku Chikweo kulibe njanji. Kulibenso ine.

Tayamba ndi ya karate. Maganizo anga:
- Munthu mmodzi akumenya anthu khumi, malaya osang'ambika. Bodza!
- Adaniwo akudikirana pamzere ngati kuchigayo. Bwanji osamugwira onse pamodzi?
- Womasulira m'Chichewa akulongolola kuposa eni filimu. Mtchaina wake uti amati "aise, ndikuswa"?

Ababa akhala mpaka kumapeto. Zatheka!

Lachiwiri

Ya ku Nigeria. Mayi wina akuthira mankhwala m'ndiwo za mpongozi wake. Nyumba zipinda mbwee, magalimoto pabwalo, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe akusesa kapena kupita kumunda. Ntchito yawo ndi kulira ndi kutsegula maso. Chigawo choyamba chatha popanda chochitika. Chachiwiri chimodzimodzi.

Masana Ababa akana ndiwo zanga. "Ndakuona, iwe," akutero. Adya chinangwa chachiwisi chodzisendera okha.

Mafilimu a mankhwala ndaletsa.

Lachitatu

Ndaimika nsungwi ya eriyo kuti tione nkhani. Wowerenga wavala taye, akuti, "Mwaswera bwanji." Ababa aimirira, avula chipewa, ayankha bwinobwino, afunsanso za ana kunyumba. Iye akungopitiriza za feteleza. "Mwana wa yani ameneyu wopanda mwambo?" Kanemayo amutembenuzira kukhoma.

Nkhani zonse ndamvera kumsana kwa kanema. Sindinataye kanthu: msonkhano, msonkhano, maliro, msonkhano.

Ababa atagona tulo tamasana, kanema ndamutembenuza. Pulogalamu yophika. Mayi akukhuthulira theka la botolo la mafuta pa mazira awiri, akumwetulira. Ameneyo sanagulepo mafuta a m'kapepala.

Lachinayi

Ya Chimwenye. Ndimati yachikondi ilibe vuto. Mnyamata ndi mtsikana akuvina pamvula, kenaka paphiri, kenaka pamvula ina, zovala kusintha kasanu nyimbo imodzi. Amawachapira ndani? Komabe ndisaname, ndi yokoma. Mtsikanayo akalira, nawenso umalira naye.

Kenaka sitima. Sitima yathunthu, ndi kulira kwake komwe! Palibe anandichenjeza. Ababa adzambatuka: "Sindinayendere njanji!" Ndakawagwirira pamjigo, nsapato imodzi kuphazi. Andikwapula ndi chipewa pamaso pa azimayi onse.

Amayi a Esinati, oyandikana nafe, akuti, "Muziwamanga mwendo ndi chitenje, achemwali, si tchimo." Iyayi. Si mbuzi.

Zoletsedwa tsopano:
- mankhwala
- wowerenga nkhani
- sitima
- chilichonse cha mawilo

Lachisanu

Mitambo tsiku lonse, batire lafooka. Taonera za nyama zakutchire, pang'ono pokha. Mkango ukuthamangitsa mbidzi yokalamba yotsalira m'mbuyo, zinzake osacheuka n'komwe. Mzungu akufotokoza ndi mawu ofatsa ngati ali paguwa. Nanga wojambulayo bwanji osaponya mwala? Kanema wazima mkango uli m'malere. Bola.

Ababa akuyang'anabe galasi lakudalo. Akuti muli mkulu wina akuwayang'ana, ndipo akuoneka wanjala. Andituma ndimpatse phala. Ndaika mbale patsogolo pa kanema. Adyera limodzi, mbale yatha. Sabata yonse ino sanadyepo chonchi.

Loweruka

Dzuwa latuluka. Ndabwerera ku ya Chimwenye ija, pa sitima ndadumphitsa. Ndimangofuna kudziwa ngati akwatirana, basi. Bambo wa mtsikana akana. Mnyamata amenyedwa, atayidwa mumtsinje, atulukamo tsitsi lili lopesa. Ndalira mpaka chitenje kunyowa. Akwatirana!

Ndacheuka kuti ndiwauze Ababa. Mpando uli wokha.

Sindikudziwa atuluka nthawi yanji. Ndathamanga wopanda nsapato. Sitima yalira ndili pamsika. Ndawapeza kupitirira pamphambano ya njanji atakhala pamiyala, mayi wina wogulitsa nzimbe atawagwira lamba. Akuti wawakoka atagwada pakati pa njanji, akugogoda chitsulo ndi mwala. Bondo lasupuka, magazi mpaka kuphazi.

"Mwana wawo ali kuti?" akufunsa mayiyo. Ndati ndine. "Munali kuti?"

Achimwene ndawaimbira ndekha.

Filimuyo ndi yabwino kwambiri. Ndikuida.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndalongedza:
- malaya atatu
- bulangete
- mankhwala a bondo
- buku la nyimbo lomwe sathanso kuwerenga

Achimwene afika ndi wanjinga yamoto dzuwa lili paliwombo. Sanandikalipire. Bola akanatero. Akuti kanema atsale, "azikuchezetsani, achemwali."

Ababa akwera pakati, achimwene kumbuyo atawakumbatira. Njinga isananyamuke Ababa andikodola, andigwira mkono ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Mwatisunga bwino, mayi," akutero. "Bambo anu alipo?"

Ndati alipo.

"Mukawapatse moni. Analera mwana."

Ndati ndikapereka.