Otsutsa Boma Anasintha Mipando Ine Ndili Kumudzi

Mpaka lero, Lachitatu masana ndikangomva phokoso la aphungu pa TV, manyazi amandigwira ngati zachitika dzulo. Ndikuuzani, koma museke mwaulemu.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku London. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikupita kunyumba kwa a Ronald ku Greenwich, mdala amene miyendo inawakana kalekale koma pakamwa pali bwinobwino. Analowa chipani chawo ali mnyamata, ndipo pamene ndinkayamba ntchito, chipanicho ndi chimene chinkalamula. Lachitatu lililonse ndinkawayatsira TV kuti aonere nduna yaikulu ikuyankha mafunso kunyumba ya malamulo, ine ndikusita zovala chapambali.

Tsono ine ndale za kuno sindizitsata. Maina a zipani amandisokoneza, ndipo amuna a masuti aja ndimangowaona ngati ana a munthu mmodzi. Chimene ndinabwera nacho ndi lamulo la malemu bambo anga, amene anakulira m'nthawi ya chipani chimodzi: nkhani ya ndale ikakupeza kwa eni ake, boma uliyamikire, otsutsa uwanyoze, ndiye kuti ukagona kwanu. Lamuloli linkandithandiza kwambiri. Ndikangoti otsutsa boma sadziwa kanthu koma kukuwa, a Ronald ankaseka mpaka kutsokomola. Tinagwirizana moti mwana wawo wamkazi anapempha kampani yathu kuti izitumiza ine basi. (Dziwani kuti viza yanga inamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Kasitomala akakudandaula, maso amayamba kuyang'ana sutikesi.)

Kenako mayi anga anadwala, ndipo ndinapita kwathu ku Ntcheu kwa miyezi iwiri. Kumudzi kwathu netiweki timakaipeza pachulu. Ndinamva ndithu kuti ku Britain kwachitika chisankho, koma mutu wanga unali pa mankhwala a mayi. Komanso sindinaganize kuti boma lingagwe popanda chipwirikiti choti n'kumveka mpaka ku Ntcheu.

Tsiku loyamba nditabwerera kuntchito linali Lachitatu. A Ronald ndinawapeza ataonda, ali duu pampando. Mwana wawo uja analiponso, ndipo anandinong'oneza kukhitchini kuti bambo ake sakudya bwino, sakulankhula, mwina nthawi yakwana yoti apite kunyumba yosungira okalamba. Zinandipweteka mtima, chifukwa mdalayo ndimamukonda, komanso akapita ndiye kuti ine ndatsala padzuwa. Ndinadziuza kuti lero ndiwaseketsa basi, mwana wawo aone yekha.

Ndinayatsa TV, n'kutenga simbi. Nditamva kuti aitana mtsogoleri wa otsutsa boma, ndinayamba osayang'ana n'komwe. Ndinati anthu awa ngakhale mutawapatsa golosale ya mashelefu awiri, pofika Loweruka yagwa. A Ronald sanaseke. Ndinaganiza kuti mdala sanamve, ndiye ndinakweza mawu. Ndinati amangokangana okhaokha, mtsogoleri wawo palibe amene amamumvera, ndipo aliyense wowavotera akufunika kukaonana ndi dokotala. Mwana uja anatsokomola mwamphamvu. Ine ndinamupatsa madzi akumwa (ndine munthu wachifundo), n'kupitiriza. Ndinati dziko lino likanakhala lanzeru, chipani chimenechi akanachitseka ndi loko.

"Mayi," anatero mwanayo motsitsa mawu, "otsutsa boma tsopano ndi chipani cha bambo. Anagonja pa chisankho."

Ndinatembenuka n'kuyang'anitsitsa TV. Munthu amene ndinkamunyozayo anali yemwe uja ndinkamuwombera m'manja ndisanapite kumudzi. Anangosamukira mbali inayo ya nyumba ya malamulo. Pamene ndinkazindikira zimenezi n'kuti simbi itadinda kale chithunzi chake pamsana pa malaya a kutchalitchi a a Ronald.

Mdala uja misozi inali lengelenge. Thupi langa linachita zakwathu lisanandifunse: ndinangozindikira ndagwada pa kapeti, manja pamodzi, Chingerezi chonse chitathawa. Chitabwerera pang'ono, ndinawafotokozera za lamulo la bambo anga lija. Ndinaulula kuti zaka zonsezi sindinkadziwa amene ndinkawanyoza, ndinkangotsata mawu akuti otsutsa. Mwana wawo anali atatulutsa kale foni kuti aimbire kampani yathu, ndipo ine mumtima ndinali nditayamba kupinda zovala zanga.

"Dzuka," anatero a Ronald. "Zonse wanenazi ndakhala ndikuzinena mumtima chigonjere chathu. Koma m'nyumba muno aliyense amangondizimitsira TV ngati kwagwa maliro. Tabwereza ya golosale ija."

Ndinabwereza. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anapempha tiyi ndi buledi. Mwana wawo anabweza foni m'chikwama, akupukuta m'maso.

A Ronald akadali m'nyumba mwawo, ine ndikadali pantchito. Lachitatu likafika amandiitana kuti a golosale aja ayamba. Koma ndaona kuti chipani chawo amafuna azichinyoza okha. Ine ndikawonjezerapo kwambiri amandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Lamulo la bambo anga silinali loipa ayi, kungoti sanadziwe kuti kuli mayiko kumene anthu amasinthana mipando mwakachetechete. Maina a zipani sindinawagwirebe mpaka pano. Chimene ndinaphunzira n'chakuti ndikamayatsa TV, simbi ndimayamba ndaiimika, kenako ndimafunsa kaye: "Kodi lero ife tili mbali iti?"