Sizasi ya Tiyu Eusébio

Ku Milange ukangotchula Tiyu Eusébio (Tiyu ndiye malume m'Chipwitikizi), anthu amayamba n'kuseka za sizasi. Ankayimangirira m'khosi ndi chingwe cha nsapato, ndipo amayi a pamsika akawaona akubwera ankakhalira makatoni awo.

Ntchito yawo inali yotsegula ndi kutseka chipinda chomwe ife ophunzira a yunivesite ya patali tinkakumanamo Loweruka. Ine Gina ndinali nditalephera kawiri mayeso omwewo. Kachitatu, basi, kubwerera kwathu ku Mongue kukagwira khasu. Vuto langa sindinkauza munthu: ndikayang'ana tsamba, zilembo zinkasinthana malo, mzere wapamwamba n'kugwera m'wapansi. Anzanga ankawerengera m'magulu, ine pakona ndekha.

Tsiku lina Tiyu anandiimirira kumbuyo.

"Mwanangu, tsamba lomweli chiyambire m'mawa? Ukulifungatira kuti liswe anapiye?"

"Zilembo zikuthawa, Tiyu."

"Zikuthawa? Zitsekere m'khola!"

Kheche kheche, anaboola kazenera pa katoni ya sopo, kokwana mzere umodzi, n'kuika pa buku langa.

"Werenga umodzi wokhawo. Ukatha vundikira, undiuze m'Chinyanja. Zikakanika, m'Chilomwe. Zikakanikanso, imba."

Ndinaimbadi. Kwa nthawi yoyamba Chipwitikizi cha m'bukumo chinakhala m'mutu mwanga mpaka m'mawa mwake.

Kenako anandiuza kuti nawonso anabadwa choncho. Digiri yawo anaitenga patatha zaka khumi ndi chimodzi. "Aphunzitsi anayi anapuma ntchito ine ndikadali chaka chachiwiri," ankatero monyadira.

Anatisonkhanitsa asanu. Leonardo, yemwe sankatha kukhala pampando mphindi khumi, anamuuza kuti ajambule mawu a phunziro pa foni, aziyenda nawo m'makutu mpaka pamalire a Malawi n'kubwerera, akuyankha mokweza. Sabata yachitatu msilikali wa pachipata anabwera naye kwa Tiyu atamugwira mkono.

"Mkulu, mnyamatayu ndi wanu? Amakangana ndi mphepo."

"Mphepoyo ikupambana?"

"Ayi, akuoneka kuti akuigonjetsa."

"Ndiye musiyeni, mayeso ali pafupi."

Kutchalitchi nako Tiyu anasiya mbiri. Atapatsidwa kuti awerenge Mawu, anapisa m'thumba n'kutulutsa kazenera kodula pa katoni ya mowa. Iwo akuwerenga mwaulemu, mpingo wonse ukuyang'ana chithunzi cha botolo. Abambo mfumu anatsokomola mpaka kumapeto.

Mayeso tinakhoza anayi mwa asanu. Nditathamanga kukawauza, sanandiyamikire. Anangofunsa kuti, "Nanga Armanda?" Atamva kuti ndi iye watsala, anakwera njinga kupita kwawo kwa mtsikanayo asanataye mabuku.

Ankakhala okha. Akazi awo anawaika m'manda ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo sanakwatirenso. Ifeyo sitinkadziwa ngakhale khomo lawo. Tinalidziwa pa tsiku la maliro awo, dzinja lathali. Anthu anali ochepa moti nyimbo tinkachita kuyambitsa tokha. Armanda anabwera atavala gauni yake ya digiri, matope mpaka m'mawondo.

Panopa ndimaphunzitsa ku Molumbo. Loweruka lapitali ndinadutsa pachipinda chija. Apakamo penti, mipando ili m'mizere, aliyense ali zii ndi buku lake. Wapakhomo watsopano anandiyang'ana mwaulemu.

"Mukufuna ndani, mayi?"

 Ndinangoti ndasochera, n'kubwerera ku siteji ya minibasi.