Nkhope ya Amayi pa Lona

Lolemba

Pakamwa pangapa padzandiphetsa tsiku lina. Lamulungu likubwerali amayi ndi abambo akukwanitsa zaka makumi asanu ali pabanja. Kukhala Misa, kenako festa, phwando lake, pabwalo pathu kuno ku Domwe. Chithunzi cha ukwati wawo chinalipo chimodzi chokha, chojambulidwa ndi ansembe, koma chinatsala m'nyumba pomwe ankathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Pobwerera anapeza phulusa.

Ndiye dzulo pamsonkhano wa banja, ine pulofesora, mphunzitsi wa zojambulajambula, chitsirizira wa m'nyumba muno, ndinaimirira n'kulonjeza kuti ndiwajambula ali achinyamata, monga analili tsiku la ukwati, tikasindikize pa lona wamkulu ku Ulongwe. Achimwene anafunsa kuti, "Ndi lapizi?" Ndinawayankha kuti lapizi, pensulo ija, ndi pepala n'za ana asukulu, ife tinapita patsogolo.

Amayi anangoti, "Ndingodziona kamodzi momwe ndinalili. Tsiku limene lija ndi galasi lomwe kunalibe." Mawu amenewa andikhala pamtima.

Mphunzitsi mnzanga, a Jasinto, andibwereka tabuleti yawo. Lamulo ndi limodzi: isatuluke m'chipinda cha aphunzitsi. Ndaikamo pulogalamu yojambulira, yoyeserera, yaulere. Yandiuza izi:
- masiku asanu ndi awiri
- kutulutsamo chithunzi kasanu basi
- zina zonse "mukalipira"

Kasanu! Ine ndikufuna kamodzi kokha. Anthu owolowa manja alipo ndithu padziko.

Lachiwiri

Maloko! Paliponse ndikagwira, pakutuluka kaloko.
- burashi yojambulira velo ya mkwatibwi: loko
- mtundu wa khungu lathuli: loko. Yotsegula ndi yofiira ya tomato, yobiriwira, ndi ina yotuwa ngati nkhumba yowaula. Ndikusakaniza ndekha mpaka anthu aoneke ngati anthu
- kubweza ukalakwitsa: katatu kokha. Cholakwa chachinayi chimasanduka m'bale wako, ukhala nacho

Pali kabatani kena kokongola pakona. Ndakadina kuti ndingoona ntchito yake. Ntchito yake ndi kutulutsa chithunzi. Tsopano m'foni mwanga muli pepala loyera lokhala ndi khutu la abambo lokha. Kwatsala kanayi.

Sindikufooka. Pofika masana awiriwo aima, ogwirana manja. Poti tabuleti siyenda, ndatulutsanso kuti ndikaonetse kunyumba. Kwatsala katatu.

Abambo ayang'ana nkhope yawo, ati, "Zili bwino," n'kubwerera kosankha mbewu ya kachewere. Za nkhope ya amayi sindinawafunse. Zoterezi safunsa amuna, aliyense amadziwa. Amayi akana kuyang'ana n'komwe: "Ine ndidzaonera pa lona pomwepo. Kafunse akulu anga, ndiwo anandiveka tsikulo."

Lachitatu

Kumsika kwa amayi aakulu, a Filomena. Ndawapeza pamulu wa kachewere, akukalipira wogula wina wa ku Dedza yemwe amafinya mbatata ngati mango. Atenga foni, aitalikitsa mkono wonse, atsinzina diso limodzi.

"Iwe, mphuno iyi ndi ya yani? Kwathu kulibe mphuno yophwatalala chonchi. Isongole."

"Khosi linali lalitali."

"Masayawa onjezera. Ife tinkadya, usamatione lero."

Ndalemba zonse kuseri kwa dzanja. Kutsutsa sindingayerekeze. Ndiwo aakulu otsala kuchikazi kwathu, ndipo paukwatipo analipo, ine ndinali ndisanaganiziridwe n'komwe. Mawu a akulu akoma akagonera.

Kusukulu: mphuno ndasongola, khosi ndakoka, masaya ndafufumitsa. Pakati pa ntchito pulogalamu ikungotulutsa uthenga wondifunsa ngati ndikusangalala nayo. Kasanu ndi kawiri lero! Ngakhale mwamuna wondifunsira sanalimbikirepo chonchi.

Ndatulutsa, ndatumiza pagulu la banja la pafoni. Kwatsala kawiri.

Lachinayi

Kutumiza pagulu kuja ndinaputa mavu. Zomwe ndadzuka nazo:
- achimwene a ku Tete akufuna galimoto kumbuyo kwa akwati. Galimoto yake iti? Anthu anapita kutchalitchi wapansi
- alamu akuti abambo aima ngati goloboyi wodikira penate
- amayi a kwaya, omwe sindikudziwa kuti chithunzi chawafika bwanji, akufuna tchalitchi chionekere, ndi belu lomwe
- msuweni wina wangolemba kuti "Parabéns," kuyamikira m'Chipwitikizi, osaonjezera kanthu. Mulungu amudalitse

Tchalitchi ndaika. Koma pulogalamu imalola kusanjikiza zinthu zitatu zokha, ndiye kuti belu lilowe ndachita kumata amayi ndi velo yawo kukhala chinthu chimodzi. Tsopano ndikati ndisunthe velo, mutu ukutsatira.

Ndinati mwina ndingolipira zithe. Ikufuna khadi la kubanki lotha kugula kunja. Ine ndalama zanga zimakhala pafoni, ngati za munthu aliyense wolongosoka. Siikuzidziwa.

Amayi aakulu andiimbira: "Waiwala kadontho kakuda patsaya lamanzere." Masana ndawayang'anitsitsa amayi akupeta mpunga. Kadontho palibe. Ndawaimbiranso. Akuti, "Kanatha ndi ukalamba, iwe ika." Ndaika. Ndatulutsa, ndathamangira nacho kumsika. Achiyang'ana nthawi yaitali, amwetulira mpaka m'maso mwalengeza misozi. "Eyaa. Tsopano ndiyedi. Nsidze zokha ukweze pang'ono."

Mtima wanga wadzaza. Kwatsala kamodzi.

Lachisanu

Nsidze ndakweza. Ndapemphera, ndadina kabatani. Pulogalamu yandiyamikira kuti ndatulutsa chithunzi changa chomaliza, ndipo pa kabatani paja pagwa loko wamkulu kuposa onse.

Shapa, minibasi ya ku Ulongwe. Ndakhala pakati pa thumba la kabichi ndi bambo wonyamula batire la galimoto pamiyendo. Foni ndaigwira ndi manja awiri njira yonse.

Wosindikiza watsegula chithunzi pakompyuta yake yaikulu, n'kuyamba kuseka. Dzina la pulogalamu lalembedwa chopingasa pachifuwa pa abambo! Pafoni linkaoneka ngati mzere wa jekete. Akuti, "Musadandaule mana, chemwali wanga, amene amabwera ndi zaulere onse amabwera nazo zimenezi." Waphimbapo ndi maluwa. Abambo tsopano akuoneka ngati apambana mpikisano wa njinga, koma palibe kanthu.

Lona atuluka mawa m'mawa, abwera ndi achimwene. Ndadzigulira fanta wozizira. Ndine katswiri, ndani angatsutse?

Loweruka

Lona tamutambasula pabwalo, anthu anayi kugwira m'makona. Wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi. Mitundu yowala bwino. Belu likuoneka.

Onse maso pa lona.

Kenako alamu, omwe pakamwa pawo palibe chotsekera: "Komatu apa abambo akwatira amayi aakulu."

Ndayang'ana lona. Ndayang'ana a Filomena, omwe aima pambali atapinda manja. Mphuno yosongoka. Khosi lalitali. Nsidze zokwera. Kadontho patsaya lamanzere, kali pompo, sikanathe ndi ukalamba ayi. Mayo ine! Sabata yonse ndakhala ndikuyang'ana nkhope imeneyi kumsika osaona!

Bwalo lonse lagwa nacho chiseko. Achimwene achita kukhala pansi. Amayi aakulu osatekeseka: "Tinkafanana ngati mapasa, funsani aliyense." Aliyense woti n'kufunsidwayo anamwalira.

Amayi nawo aseka pang'ono. Kenako ati, "Nyemba zanga zipserera," n'kulowa kukhitchini. Pamoto panalibe nyemba. Zandipweteka kwambiri, ndipo manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Ndathamangira kwa a Jasinto, anditsegulira chipinda cha aphunzitsi. Pulogalamu ikugwirabe ntchito, latsala tsiku limodzi. Kujambula ikulola, kutulutsa ayi. Zomwe ndayesa:
- kulembetsa ndi dzina lina: yaizindikira tabuleti, yandilonjera ndi dzina langa lenileni
- kubweza mphuno yakale: kubweza n'katatu kokha, mphuno ija inapita Lachitatu
- kujambula galasi la tabuleti ndi foni: mwatuluka mizeremizere ndi nkhope yanga yotuluka thukuta
- kuimbira wosindikiza: watseka, wapita kumaliro ku Tsangano

Ndabwerera wapansi, pang'onopang'ono.

Lamulungu

Lona wapachikidwa. Tikanatani, banja lonse linasonkherapo. Misa yayenda bwino, kwaya yaimba mpaka mawu kusasa, mbuzi ziwiri zatha. Alendo atatu apita kukagwira chanza amayi aakulu, iwo n'kumalandira. Amayi avina, aseka ndi alendo, adula bolo, keke ya ukwati. Kumene kuli lona sanayang'aneko ngakhale kamodzi. Ine ndaona.

Pafoni pabwera uthenga: masiku anga oyeserera atha, akuyembekeza kuti ndasangalala. Zikomo kwambiri. Lona apempha amayi aakulu, akuti akamupachika pabalaza. Atenge.

Madzulo alendo atapita, ndakhala pakhonde ndikuchotsa nsapato. Abambo akhala pampando wawo, jekete akadali nalo. Ati, "Tatenga lapizi." Ndapeza kachidutswa m'chikwama, ndi pepala la mayeso a ana, kuseri kwake koyera.

"Nkhope yozungulira. Ayi, kuposa pamenepo. Mphuno isiye momwe unaiyambira poyamba paja. Diso lamanja lichepe, linali lotupa, inawaluma njuchi Lachisanu lake. Velo ipendekere kumanzere. Asamwetulire. Ankaluma mlomo wam'munsi, nsapato zinali zobwereka, zinkawathina."

Ndafufuta ndi chala mwina kakhumi, palibe wondiwerengera. Ndawafunsa kuti zonsezi akuzikumbuka bwanji, nanga bwanji sananene sabata yonseyi.

"Sunandifunse. Nanga iwe ukuyesa tsiku limene lija ndinkayang'ana ansembe?"

Amayi anali pakhomo ndi beseni la mbale, sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Atsitsa beseni, apukuta manja pachitenje, atenga pepala. Ayang'ana. Ayang'anabe. Abambo ali gwa kuyang'ana nsapato zawo.

"Za njuchizi mukanazisiya, inu," atero amayi.

Pepalalo sanandibwezere.