Ndodo ya a Lameki

Ku Njombwa aliyense ankadziwa kuti ukalakwitsa Chingerezi pafupi ndi a Lameki, ndodo yawo igunda pansi kawiri. Anali mphunzitsi wopuma, ndipo pa Chingerezi chonse chija anasankhapo timawu tiwiri tokha toti afe nato, "a" ndi "an".

"Musayang'ane chilembo, mverani mmene liwu likuyambira," ankatero. "Nkhaniyi ndi ya khutu."

Sankayang'ana nkhope. Mlangizi wa fodya atabwera kudzatiphunzitsa kusankha masamba m'chigafa, anangoti "a hour", ndodo ija gu, gu.

"Bambo, ine ndadzera fodya."

"Fodya adikira. Bwerezani."

Anabwereza, thukuta lili kamukamu. Abusa nawo akafuna kuthira ka Chingerezi mu ulaliki, ankayamba asuzumira kumpando wa a Lameki, kenako n'kubwerera ku Chichewa. Ena amati ngakhale nkhuku za pakhomo pawo zinkaganiza kaye zisanatetere.

Ndiye khutu lomwelo n'limene linayamba kufa. Munthu wonyada ngati uja, kumuuza kuti sakumvanso kunali kumuika m'manda ali moyo, choncho tonse tinangotseka pakamwa. Chodabwitsa n'chakuti ndodo sinasiye kugunda, ndipo sinkaphonya. Tinayamba kuchita mantha. Ana ankanong'onezana kuti agogowo amamvera m'ndodo.

Ine ndinazitulukira tsiku lina kutchalitchi. Akazi awo, a Ezelina, amene sukulu analekeza ali aang'ono, anamva timawuti zaka zonse za ukwati wawo mpaka tinawalowa m'mutu. Wina akaphonya, iwo ankagunda amuna awo ndi chigongono, ndodo n'kuyankha. Sindinauze munthu.

Pamaliro a a Lameki, Lemani, amene anali wophunzira wawo kalekale ndipo tsopano amagwira ntchito kuboma, anaimirira kuti alankhule. Chisoni chinamusokoneza, lilime n'kuterereka: "Anali a honest man." Anaima pomwepo. Khamu lonse linangoti zii, maso ali pa bokosi. Ndinaona chigongono cha a Ezelina chikupita chokha kumbali, n'kupeza palibe munthu. Anachibweza pang'onopang'ono, n'kuchigwira ndi dzanja linalo.

Mpaka lero tikamasankha fodya, wina n'kulakwitsa Chingerezi, manja amaima, tonse n'kutchera khutu. Timangomva masamba ouma akukhulana. Ine ndimawasowa a Lameki, ndipo bata limenelo limandiopsa kuposa ndodo ija.