Dishi yanga ndi mango a apongozi

Lolemba
Dishi ya TV yafika! Ndaigula ku msika wa Lundazi, ndabwera nayo pa njinga mpaka kuno ku Mphamba. Aphunzitsi anzanga asanu, ndi ahedi omwe, ndawaitana kale kuti Loweruka adzawonere mpira wa fainali pabalaza panga. Wodzandiikira sindikumufuna, mphunzitsi wa sayansi ndine. Mkazi wanga NyaZimba wangoyang'ana simenti yake ya polishi.

Lachiwiri
M'kalasi ndafotokoza mwamphamvu. Satelayiti ili makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, imazungulira limodzi ndi dziko, ndiye kwa ife imaoneka ngati yangoima. Uthenga umakwera, iyo imaulandira, kuukuza, nkuutsitsa. Dishi ingoloza komweko basi.
Ndaweruka, ndaloza. Pa TV pali buluu yekhayekha. Pakati pa ine ndi mlengalenga pali mtengo wa mango wa apongozi.

Lachitatu
Nthambi imodzi yokha! Koma mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimapatukira m'chimanga. Choncho ine ndine siteshoni yotumiza, apongozi yolandira, NyaZimba satelayiti. Uthenga wopempha kudula nthambiyo wakwera m'mawa, waulemu wonse. Watsika masana: "Akuti yayi."

Lachinayi
Satelayiti zina zoyambirira zinali zibaluni chabe, zongobweza mawu momwe afikira. Yangayi ndi yamakono, imakuza. Lero ndatumiza pempho limodzi ndi paketi ya shuga. Yankho: "Akuti yayi, na munthu wophunzila sangalimbane na mtengo." Shuga sanabwerere.

Lachisanu
Kale satelayiti ndiyo inkayenda, dishi nkumailondola. Kwanga satelayiti ili phee, dishi ndiyo ikuyendayenda. Ndayesa:
pa nkhokwe, buluu;
pa chigafa cha fodya cha aneba, buluu ndi mavu;
pa denga la chimbudzi, chithunzi!
Munthu weniweni, wa tayi, akuwerenga nkhani. Ndakuwa ndi chimwemwe, lata lagonja, mwendo walowa mpaka m'bondo. Wa tayi uja wapita.

Loweruka
Abwera onse, ahedi atavala jezi. TV ikuwala buluu wake. Tathera pansi pa mtengo womwewo, kumvera mpira pa kawailesi, tikusenda mango. Ahedi akuti, "Ba Sayansi, chithunzi chili bwino maningi, nachiona na makutu." Aseka mpaka kutsamwa. Manyazi andigwira, sindikudziwa ngakhale amene wapambana.

Lamulungu
Tabwerako ku tchalitchi. Ndili kuseri kwa mpanda kutsuka bondo, ndikumva apongozi akudandaula kwa mlamu wanga: "Nthambi ija ikunionongela malata. Chaka chonse nasowa wonidulila. Amuna a m'nyumba iyi ni a choko chabe?"
Ndiye kuti pempho langa silinafikeko nkomwe!
Ndalowa m'nyumba. NyaZimba ali chogwada, akupaka polishi. Ndafunsa za uthenga wa Lachitatu. Osadzutsa mutu akuti, "Amuna sikisi, na matope, pa simenti yanga? Yayi."
Yayi yemweyo, mawu omwewo, amene ndakhala ndikumva sabata yonse.
Nkhwangwa ili pakhonde, koma fainali yatha. NyaZimba wandipatsa tiyi. Shuga wake ndamuzindikira, ndipo ndamwa.