Nkhondo ya Mpando wa Pangodya

Tcherani khutu, inu mibadwo yobwera m'mbuyo, mumve za chaka chija sofa inalowa m'nyumba ya atelala opuma pantchito, dziko lonse la pabalaza n'kugwedezeka.

Inali nthawi ya tiyi wamadzulo, banja litasonkhana, pamene akuluwo, Chipilala cha Pangodya, Osasuntha Ngakhale Pokolopa, iwo amene mpando wawo unachita kukumba timaenje pasimenti, anatuluka kosamba napeza ufumu wawo utalandidwa. Pangodya pawo panali patakhala sofa. Mpando wawo wakalekale unali utapirikitsidwira pawindo, ndipo wochita zimenezi anali mpongozi wawo, Namondwe wa Tsache, amene fumbi limathawa likangomva mapazi ake.

Mpongoziyo anafotokoza mwaulemu kuti sofayo sikanakwana pena paliponse, komanso kuti pawindo pamawala bwino kwa munthu wa maso otopa. Mwana wawo wamwamuna, amene anagula sofayo, anangoti maso m'kapu ngati mwagwera ntchentche.

Atelala anakweza chala chimene chinagonjetsa singano zosawerengeka, nalengeza kuti: "Imvani nonse, ndi iwe sofa umve. Mpando uwu ukapanda kubwerera kwawo, ine sindidzakhalanso pansi m'nyumba muno."

"Ndiye tiyiyu mumwa choimirira, bambo a ana?" anafunsa akazi awo, Mthetsa Milandu wa Kukhitchini.

Anamwadi choimirira. Anadya choimirira, namvera wailesi atatsamira khoma ngati njinga yobwereka. Masiku anapita, akazembe anatumidwa uku ndi uku, koma mawondo okha ndi amene anayamba kukambirana ndi adani mobisa, akulira ngati chitseko chosowa mafuta.

Tsono tsiku lina masana, ali chiimire pafupi ndi windo kuti atembenuzire sofa msana, kunja kunadutsa mnzawo wakale, wosoka nsapato. Anapatsana moni. Moni anabala nkhani ya mvula, ya mvula inabala ya mitengo ya ulusi, ya ulusi inabala ya mnyamata wa pagolosale amene akuti akwatira. Kenaka panadutsa wogulitsa makala, naye ali ndi zake. Nkhani zili mkati, mawondo anapereka dziko m'manja mwa adani: akuluwo anakhala pampando osadziwa n'komwe.

Atacheuka anapeza banja lonse lili pakhomo la kukhitchini, mpongozi atagwira pakamwa. Lumbiro linali litasweka poyera. Akazi awo ndiwo anapulumutsa ulemu wa ufumu.

"Tinaiwala ndife," anatero modekha. "Si inu munalamula chaka chatha kuti mpandowu upite pawindo?"

Atelala anakhosomola nthawi yaitali. "Ndimadikira kuti ndione ngati mukumbukire," anatero.

Mtendere unasainidwa ndi tiyi wothira shuga mosayeza. Mpongozi anaimba nthungululu ndi chikolopa m'manja, mwana wamwamuna anaomba chivundikiro cha poto, ndipo sofa inakhululukidwa machimo ake onse, pa pangano lakuti isadzayerekeze kuyandikira windo.

M'mawa mwake mpongozi anafika ndi ndowa ya madzi, napempha kuti asunthe mpandowo pang'ono chabe, akolope pansi pake.

"Uzungulire, mwana wanga," anatero atelala, maso ali kumsewu. "Mpando uwu susuntha pano. Ndi malo anga."