Tsiku limene lamulo langa linandigwira ku vidiyo ya pa Mitundu

Ine sindine munthu wolankhula zambiri. Akazi anga amati mawu ndimawasunga ngati mbewu. Koma nkhani iyi ndiinena ndekha, chifukwa anthu a kwathu akhala akuinena m'malo mwanga, ndipo amathira mchere wambiri. Ena amati ndinavula malaya. Sindinavule malaya. Zina zonsezo n'zoona.

Zinachitika matipate atangobwera, sukulu itakhala yaulere. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi. Makalasi anachepa, ena ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo makolo tinauzidwa kuti tiumbe njerwa. Ine anandisankha mu komiti ya sukulu. Sikuti ndinaphunzira (ndinalekezera Sitandade 5), koma nkhope yanga ndi yoopsa, ndipo komiti iliyonse imafuna munthu mmodzi wotero.

Nthawi yomweyo pa Mitundu panafika vidiyo. Mnyamata wina anachita lendi kanyumba kuseri kwa msika, naikamo kanema, jenereta ndi mabenchi. Panja anapachika chisipika. Kuyambira m'mawa unkangomva kukuwa ndi kusweka kwa zinthu, ngati m'nyumbamo akuphana. Ana anayamba kuthawa m'kalasi. Ukawafunsa ankati, "Ndi ufulu wathu." Mawu amenewo ankandipweteketsa mutu.

Mwana wanga woyamba ndi Fatsani. Nthawi imeneyo anali Sitandade 7. Pakhomo sankalankhula. Ine ndikalowa, iye ankatuluka. Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa chigafa cha fodya akumenya thumba la madeya ndi mwendo, uku akulira ngati mphaka. Ndinadziwa komwe wazitenga. Ndinamukwapula osafunsa. Sanalire n'komwe.

Nkhaniyo inafika kwa malume ake, mlamu wanga wa ku Nathenje. Kwathu kuno mukudziwa, mwana ndi wa kuchikazi. Malume akalankhula, bambo umangokanda mutu. Anabwera, tinapatsana moni, ndipo sanachedwe.

"Alamu, mwanayu akufota. Kusukulu sakukhoza ngati kale, pakhomo ali duu. Kodi mumacheza naye?"

"Ndimamuuza zochita."

"Sindinafunse zimenezo. Teremu ino zikapanda kusintha ndimutenga. Akaphunzire ku Nathenje, ndizimuona ndekha."

Atachoka, ndinatsala ndikudzifunsa. Mwana amene ndinamusemera ndekha mpini wa khasu lake loyamba, akakulire pakhomo pa munthu wina? Ndinaganiza kuti wolakwa ndi mmodzi basi, vidiyo.

Pa msonkhano wa komiti ndinaimirira. Anthu anadabwa, poti nthawi zonse ndinkangokhala ndi kugwedeza mutu.

"Vidiyo ikutimalizira ana," ndinatero. "Aliyense wopezeka mmenemo nthawi ya sukulu, kholo lake liumbe njerwa za kalasi yatsopano."

A hedi, mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, anali munthu wofatsa wovala magalasi. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"Aliyense?"

"Aliyense!" Ndinamenya tebulo. "Ndipo tsiku lokawagwira lisadziwike. Ngakhale ife a komiti musatiuze, ena muno pakamwa n'potayirira. Musankhe nokha, a hedi."

Anaomba m'manja. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati nduna. (Sungani mawu akuti aliyensewo. Abweranso.)

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litakwera, ndinapita pa Mitundu kukagula chubu cha njinga. Podutsa kuseri kwa msika ndinaona mnyamata atavala juzi yofiira yamizere akulowa mu vidiyo mozemba. Fatsani anali ndi juzi yoteroyo, anamugulira malume ake omwewo. Ndinatsamiritsa njinga pakhoma.

Pakhomo panali chiguduli m'malo mwa chitseko, ndipo mwini vidiyo anatambasula dzanja.

"Madala, polowa n'kulipira."

"Ndikufuna mwana wanga."

"Onse amatero."

Ndinalipira.

M'katimo munali mdima wandiweyani. Mawindo anatseka ndi makatoni. Fungo la thukuta, mtedza wokazinga ndi utsi wa jenereta. Ndinaima pakati, ndikusuzumira mitu ya ana.

"Khalani pansi agogo, mukutitchinga!"

Ndinakhala. Ndinati maso azolowere mdima kaye, kenako ndimugwira pakhosi. Poti kutsogolo kokha ndi kumene kunali kuwala, ndinayang'ana kumeneko. Kulakwa kwanga kunayambira pamenepo.

Pakanemapo panali kamunthu koonda, kopanda nsapato, katazunguliridwa ndi zimphona. Chilankhulo sindinkamva. Kamwana kamene kanakhala pambali panga kanandinong'oneza.

"Amenewo anamuphera bambo ake, n'kuotcha nyumba."

"Ndiye ali yekha?"

"Yekha. Koma musaope, mwini filimu safa."

"Wakuuza ndani kuti ndikuopa?"

Kamunthu kaja kanalumpha. Ine ndakhala ndikuona ndewu kumowa ndi kumpira, koma munthu wowuluka n'kumenya anthu awiri ndi miyendo asanatere pansi ndinali ndisanamuonepo. Ndinasendera kutsogolo pang'ono. Kamwana kaja kanandipatsa mtedza, ndinalandira. Mutu wa mnyamata wina unkanditchinga, ndinasamukira benchi lina. Kamwana kananditsatira ndi mtedza wake. Posakhalitsa tinali pa benchi loyambirira.

Kenako jenereta inatsokomola n'kuzima. Nyumba yonse inakuwa. Mawu amodzi anaposa onse: "Thirani mafuta, talipira ife!" Mawu amenewo anali anga.

Mwini vidiyo anakweza chiguduli kuti atuluke, ndipo kuwala kunalowa. Ndinakumbukira chimene ndinabwerera. Ndinacheuka. Juzi yofiira inali pakona. Mwini wake sanali Fatsani. Anali mwana wina wamakutu akuluakulu amene sindinkamudziwa n'komwe. (Zovala za kaunjika zimabwera zofanana, ndinaiwala.)

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanatuluka, n'kukagula chubu, n'kupita kwawo. Ine ndinati ndingoona ngati kamunthu kaja kapulumuke. Jenereta inalira. Ndinakhalanso.

Zinthu zinafika poipa. Kamunthu kaja anakaponya m'dzenje lakuya, mwendo utavulala. Kanayamba kukwera movutika. Kali pafupi kutuluka, mkulu wa zimphonazo, wa chipsera patsaya, anabwera mwakachetechete kumbuyo kwake, chimpeni chili m'manja. Iko osaona. Sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji pa benchi.

"Cheuka iwe! Ali kumbuyo kwako! Mupatse chonchi!"

Ndinaponya mwendo m'mwamba kuti ndikaonetse. (Apa ndi pamene amanama za malaya. Linaduka ndi batani limodzi lokha.)

Chiguduli chinakwezedwa chonse. Kanema anazima. Pakhomo panaima a hedi, aphunzitsi awiri, ndi anyamata akuluakulu a pasukulu amene anawatenga kuti azitchula mayina a othawa. Patsogolo pa anyamatawo panali Fatsani, yunifolomu ili bwinobwino m'thupi. Mwendo wanga unali usanatsike.

Ana anayesa kuthawa, koma khomo linali limodzi. Ine ndinatsika pa benchi pang'onopang'ono, ngati ndinakwerapo kukakonza denga.

"Bambo a Fatsani," anatero a hedi. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Munthu wachifundo uja anafuna kundipatsa njira. "Mwatitsogolera eti? Mwabwera kudzagwira ana?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere. Kamwana kaja kanandiposa liwiro.

"Ayi, akuonera. Andimaliziranso mtedza wanga."

Ndinayang'ana Fatsani. Anali atazyolika, mapewa akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira chifukwa cha manyazi. Sankalira.

Kuchokera pamenepo mpaka kusukulu tinayenda pamzere, kudutsa mumsika. Ana patsogolo, ine kumbuyo ndikukankha njinga yopanda mpweya. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. Wina anafuula kuti, "Wamkuluyo ali sitandade chani?" Njira imeneyo ndaiyenda moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo inatalika.

Mu ofesi a hedi analankhula motsitsa.

"Lamulo likuti aliyense. Munabwereza nokha. Likutinso kholo lake liumbe njerwa. Kodi mayi anu akadali moyo?"

"Ali moyo."

"Tiwatumizire uthenga?"

"Ndiumba ndekha."

Kunyumba nkhani inafika ine ndisanafike. Akazi anga sanandifunse kanthu mpaka nditasamba m'manja.

"Ndamva kuti mwendo unafika kudenga," anatero. "Nanga msana uja mumati ukuwawa tikafuna kupita kudimba?"

Anaonjezera kuti uthenga wapita kale ku Nathenje, ndipo achimwene awo abwera Loweruka.

Loweruka ndinalawirira kudambo la kuseri kwa sukulu, kumene tinkaumba njerwa. Makolo a ana ogwidwa aja anali kumeneko, ndipo palibe anandipatsa moni, poti lamulo lowazunzalo linali langa. Ndinakumba dzenje langa patali. Ndili mkati moponda dothi, ndinaona Fatsani akubwera ndi khasu ndi ndowa. Sindinamuitane. Anapinda kabudula n'kulowa m'matope.

Tinagwira ntchito osalankhula. Iye kuponda, ine kuthira m'chikombole. Koma chinthu chimodzi chinkandidya kuyambira tsiku lija. Ndinayesa kuchimeza, chinakana.

"Iwe," ndinatero, maso ali pa chikombole. "Uja anatuluka m'dzenje muja?"

Anaima. Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula.

"Anatuluka, ababa."

"Nanga wa chipsera uja?"

Basi, ndinali nditatsegula mpopi. Mwana amene ndinkati ndi wosalankhula anafotokoza zonse. Akuti kamunthu kaja kanaona chithunzi cha chimpeni m'madzi a pansi pa dzenje, kanadzigwetsa dala, wa chipsera n'kugweramo yekha. Ankasintha mawu, pena a chimphona, pena a kamunthu. Analumpha m'matope kundionetsa, matope n'kundithira kumaso. Ndinaseka. Iye anadzidzimuka, kenako anasekanso. Ndikuganiza kuti anali asanaonepo mano anga onse.

Kenako nzeru zinabwerera.

"Unaonera liti zimenezi?"

Anazyolika. "Tsiku lina, ababa. Nthawi ya sukulu."

"Kamodzi?"

"Kangapo."

Dzanja langa linafuna kayendedwe kake kakale. Koma linali lodzaza matope a chilango changa. Ndikanamukwapula ndi nkhope iti?

"Chifukwa?"

"Aphunzitsi athu amagwira makalasi awiri. Akapita kwinako timangokhala, ena kumenyana. Ndiye timapita."

Ine wa mu komiti, womenya tebulo, zimenezi sindinkazidziwa. Ndinali ndisanamufunsepo.

"Akachoka aphunzitsi uziwerenga," ndinatero. "Madzulo uzindiuza zimene wawerenga. Monga wandiuzira izi."

"Ndi mawu omwe, ababa?"

"Ponda dothi."

Sitinaone kuti mlamu wanga wafika. Anali ataima pa chulu, nsapato zake zakutauni zili m'manja, ndipo sindikudziwa kuti anamva zingati.

"Alamu," anatero, "ndamva kuti mwayamba masewera a miyendo."

"Mwamva bwino."

"Ine ndinati teremu ithe kaye. Koma ngati bambo ndi amene akugwidwa ku vidiyo, ndidikirenso chiyani? Fatsani, kasambe. Ukalongedze, tipite ku Nathenje."

Ndinalibe ufulu wokana, ngakhale inali nthawi ya ufulu. Ndinangoyang'ana njerwa zanga. Fatsani sanatuluke m'dzenjemo. Anagwada pang'ono m'matope momwemo, mwaulemu.

"Malume, pepani. Ndikachoka, ababawa aziwayang'anira ndani? Abwereranso ku vidiyo."

Mlamu wanga anayesa kuumitsa nkhope. Inakana. Anaseka mpaka nsapato imodzi inagwera m'matope. Atapuma anati, "Mwanayu ndamumva akulankhula ndili kumsewu uko. Ndimayesa ndi wina." Anatola nsapato yake. "Teremu ithe. Ndidzaona mayeso ake, ndidzaonanso khalidwe la bambo ake."

Teremu inatha ndipo Fatsani sanapite ku Nathenje. Madzulo ankandifotokozera za mitsinje ndi za mafumu akale, ndi mawu ake osinthasintha aja, ine n'kumangoti "Hm." Njerwa zanga zili m'khoma la kalasi ya kumapeto, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana kumbali.

Chotsala ndi ichi. Loweruka lina, ntchito itatha, ndinamuuza kuti avale juzi yake tikagule chubu. Anamvetsa. Tinafika kuseri kwa msika, ine chipewa chili m'maso. Mwini vidiyo anati tepi ija anaibweza kutauni kalekale.

Choncho mathero a filimu imene inandichotsera ulemu sindinawaone. Ndimangodalira mawu a Fatsani. Ndipo nthawi iliyonse akaifotokoza, zimphona zija zimachulukirachulukira.